Mphuno ya galu sigulidwa pa tsiku la tsoka

Mu Epulo 2025 akuluakulu a Metropolitan Police, polisi yaikulu ya mumzinda wa London, anabwera poyera kunena kuti thumba lawo laperewera ndi mapaundi 260 miliyoni. Anati achepetsa antchito pafupifupi 1,700, apolisi ndi a m'maofesi omwe. Nyuzipepala zinathamangira nambala imeneyo, ndipo m'pomveka, pakuti ntchito ya munthu mmodzi ikatha banja lonse limagwedezeka. Koma chakumunsi kwa mndandanda wa zodulidwazo kunali mizere iwiri imene yandikhala pamtima mpaka lero: apolisi okwera pa akavalo achepetsedwa ndi 25 peresenti, nthambi ya agalu ndi 7 peresenti.

London siyoyamba. Chuma cha polisi chikangovuta, kaya ndi ku Britain kaya ku America, mpeni umayamba wafika kukhola. Chifukwa chake sichisowa. Galu savota, kavalo alibe bungwe lomulankhulira, ndipo tsiku lotseka khola palibe chimene chimaoneka kuti chasintha mumsewu. Magalimoto a polisi amayendabe, foni ya zangozi imayankhidwabe, wowerengera chuma amatseka buku ali wokhutira. Chotayikacho chimadzaoneka patapita miyezi, usiku wina, pamene wapolisi waima m'mphepete mwa thengo n'kuitana galu pa wailesi, koma yankho n'lakuti galu amene alipo ali kutali, afika pakatha ola limodzi ndi theka.

Ine ndikuti kudula kotereku n'kupulumutsa ndalama kwabodza. Pali zinthu zimene ukagulitsa chaka chino ukhoza kudzagulanso chaka chamawa thumba likakhala bwino. Galimoto ili choncho, kompyuta ili choncho. Galu wodziwa ntchito pamodzi ndi munthu wodziwa galuyo sali choncho. Amenewa amaleredwa, ndipo kulera kumafuna zaka.

Taganizirani usiku wozizira. Gogo wina amene ali ndi matenda oiwalaiwala watuluka m'nyumba atavala zogonera, ndipo achibale azindikira patapita ola lathunthu. Wapolisi woyenda ndi galu akafika, funso lake loyamba silikhala la msinkhu wa gogoyo kapena mtundu wa malaya. Amafunsa kuti ndani wayenda kale pabwalopa, ndipo anthu amene akuthamangathamanga ndi matochi amawapempha kuti aime pamalo amodzi, chifukwa phazi lililonse lowonjezera likufufuta njira. Kenako amagwada, n'kumveka galu lamba wa pachifuwa, n'kumangirira chingwe chachitali. Galuyo, amene mphindi yapitayo amangogwedeza mchira, amasintha nthawi yomweyo. Lambayo ndiye amamuuza kuti ntchito yayamba. Amazungulira pakhomo mphuno ili pansi, apa ndi apo, kenako mutu umatsika kwambiri, chingwe chimakungika. Chimene akutsatira ndi fungo la udzu wopondedwa, dothi losunthidwa ndi tizidutswa ta khungu timene munthu aliyense amayoyola akamayenda. Akafika pa msewu wa phula fungo limabalalika. Galu amataya njira, amazungulira, amabwerera m'mbuyo. Apa ndi pamene pamaonekera wapolisi wodziwa ntchito: sakoka chingwe, samuuza galu kumene iye akuganiza kuti gogoyo wapita. Amangodekha. Posakhalitsa galu amadutsa msewu n'kulowa pa kampata ka mpanda kamene anthu khumi anakadutsa osakaona.

Amati galu wamkota sakandira pachabe, koma pamafunika munthu woti azindikire kuti kukanda uku n'kwa ntchito, uku n'kwa kalulu amene wadutsa madzulo. Nzeru imeneyo ili m'dzanja logwira chingwe. Imabwera ndi masiku ambirimbiri oyenda limodzi, pamvula ndi padzuwa, mpaka munthu adziwe galu wake pongoona mmene wapinditsira khutu. N'chifukwa chake ku Britain agalu apolisi ambiri amagona kunyumba kwa amene amayenda nawo, osati kusiteshoni.

Mphuno ya galu ili ndi timaselo tomvera fungo toposa 200 miliyoni, pamene ya munthu ili ndi pafupifupi 6 miliyoni. Apolisi a mumzinda wa Ghent ku Belgium anayamba kugwiritsa ntchito agalu mwadongosolo mu 1899, ndipo mu 1908 apolisi a njanji padoko la Hull ku England anayamba kulondera ndi agalu a mtundu wa Airedale. Papita zaka zoposa 100, makina ambiri abwera ndi kupita, koma palibe amene wapanga chida chonyamula m'manja chotha kutsatira munthu m'thengo usiku. Ntchito ya mphunoyi ikungowonjezereka. Lero kuli agalu ofufuza mabomba, mfuti, ndalama, magazi ndi mitembo, ngakhale imene ili pansi pa madzi. Mu 2017 apolisi a ku Devon, Cornwall ndi Dorset anayamba kugwiritsa ntchito agalu otha kununkhiza masimu khadi, mafoni ndi timakadi tosungira zithunzi, tinthu timene anthu ozunza ana amabisa m'ming'alu ya nyumba moti apolisi asanu akhoza kufufuza tsiku lonse osatipeza.

Ena akuti madroni alowa m'malo mwa agalu. Droni ndi chida chabwino ndipo polisi iliyonse iyenera kukhala nayo. Kamera yake yomva kutentha imaona munthu amene wagona pamtetete. Koma siona kudutsa denga, imavutika pansi pa mitengo yowirira, siona mpeni umene waponyedwa m'maluwa, ndipo thupi likazizira ilibenso choona. Choposa zonse, droni singakuuze kuti munthu anadzera kuti. Imaona pamene ali, ngati akuoneka. Galu ndiye amawerenga zimene zinachitika pamalopo ola lapitalo.

Tsono onani kutalika kwa njira yopezera galu mmodzi wotere. Polisi ya London ili ndi malo ake oweteramo ndi kuphunzitsiramo agalu ku Keston. Kamwana ka galu kamaleredwa chaka chathunthu kapena kupitirira, kakuzolowetsedwa phokoso, masitepe, pansi poterera, makamu a anthu. Ena amalephera panjira. Wina ndi wamantha, wina ali ndi vuto la m'chiuno. Opambana amalowa maphunziro a miyezi pafupifupi itatu pamodzi ndi amene adzayende nawo, ndipo akamaliza amayesedwabe nthawi ndi nthawi kuti chiphaso chawo chisathe. Akafika zaka 7 kapena 8 ambiri amapuma. Ndiye kuti galu amene mukufuna agwire ntchito zaka ziwiri zikubwerazi ayenera kukhala atabadwa kale lero. Mukachepetsa nthambi, mumachepetsanso ana agalu oleredwa, aphunzitsi achikulire amapuma popanda owalowa m'malo, ndipo wapolisi amene anali ndi luso logwira chingwe amabwerera kukayendetsa galimoto ya patrolo. Pakatha zaka zitatu, ngakhale ndalama zitapezeka, amene angaphunzitse anzake kulibe.

Pali msampha wina umene umandipweteka kwambiri chifukwa umaoneka ngati nzeru. Agalu akachepa, dera la galu mmodzi limakula. Dera likakula, galu amafika mochedwa. Akafika mochedwa, fungo limakhala litazilala kapena litapondedwa, ndipo wakuba amakhala atakwera kale galimoto. Chaka chikatha, wina amatenga ziwerengero n'kunena kuti onani, agalu sakugwira anthu ambiri masiku ano, bwanji tiwachepetsenso. Apolisi a m'misewu nawonso amasiya kuitana galu chifukwa adziwa kuti safika msanga, ndiye buku limaonetsa kuti agalu sakufunidwa kwenikweni. Kudula koyamba kumabereka umboni wa kudula kwachiwiri. Palibe amene wanama, koma choonadi chasokonekera.

Nkhani ya akavalo ndi yovutirapo kuiteteza, ndipo sindibisa. Kavalo amadya tsiku lililonse, kaya wagwira ntchito kaya ayi. Amafuna khola, osamalira, dokotala wa ziweto, wokhoma zitsulo kuziboda pakangopita masabata ochepa, ndi lole yomunyamulira. Mumzinda ngati London, malo amene khola laimapo ndi golide. Kavalo sathamangitsa galimoto yobedwa, salowa m'nyumba, safufuza mlandu wa pa intaneti. Mkulu wa polisi amene akusankha pakati pa makola ndi ofufuza milandu yogwiririra ali ndi chisankho chowawa, ndipo amene amamunyoza ngati munthu wouma mtima sakumuchitira chilungamo.

Komabe pali ntchito imodzi imene kavalo amaigwira kuposa chilichonse, ndipo inaonekera poyera pa 28 Epulo 1923, tsiku la fainolo yoyamba ya FA Cup pa bwalo latsopano la Wembley, pakati pa Bolton Wanderers ndi West Ham United. Anthu anakhamukira kubwaloko kuposa mmene akuluakulu anayembekezera. Chiwerengero cha m'mabuku chimati 126,047, koma ambiri amakhulupirira kuti analowa anaposa 200,000. Anthu anasefukira mpaka pa kapinga posewerera, moti mpira sukanayamba, ndipo ngozi yopondana inali pafupi. Pakati pa apolisi okwera amene anaitanidwa panali George Scorey ndi kavalo wake Billie. Scorey analowa pakati pa khamulo n'kuyamba kuyenda mozungulira, pang'onopang'ono, kavalo akukankha anthu ndi mphuno ndi nthiti, bwalo lopanda anthu likukula ulendo uliwonse. Iye anapempha anthu a kutsogolo kuti agwirane manja n'kumabwerera m'mbuyo limodzi. Mpira unayamba mochedwa ndi mphindi pafupifupi 45, ndipo palibe amene anamwalira. Kavaloyo anali wotuwa, koma pa zithunzi za nthawiyo anaoneka woyera, ndipo mlatho wa oyenda pansi pafupi ndi Wembley ya lero umatchedwa White Horse Bridge pomukumbukira.

Zimene zinathandiza tsiku limenelo sizinasinthe. Munthu wokwera pa kavalo amaona pamwamba pa mitu ya anthu, ndiye amazindikira msanga pamene khamu layamba kupanikizana. Anthu nawonso amamuona patali ndipo amamva akalankhula. Khamu limene silingasunthe wapolisi wapansi akalikankha limapatuka lokha kavalo akamayandikira chammbali, popanda chibonga kukwezedwa. Kuti kavalo afike pamenepo amaphunzitsidwa miyezi yambiri, ku London amachitira ku Imber Court, malo amene akhala akugwira ntchitoyi kuyambira cha m'ma 1920. Nyama imene chibadwa chake n'kuthawa ikamva phokoso imaphunzitsidwa kuima chilili pakati pa ng'oma, utsi, mbendera ndi mabasi. Si kavalo aliyense amene amatha.

Pali chinanso chimene ine poyamba ndinkachiyesa chaching'ono. Mu 2014 akatswiri a yunivesite ya Oxford ndi bungwe la RAND Europe anatulutsa kafukufuku wa apolisi okwera pa akavalo ku Britain. Anapeza kuti apolisi okwera akamayendera dera, anthu amawayandikira ndi kucheza nawo kuwirikiza pafupifupi ka 6 poyerekeza ndi apolisi oyenda pansi. Mwana amakoka mayi ake kuti akaone kavalo, mayiyo amafunsa dzina lake, ndipo pocheza pomwepo amatchula za anyamata amene amasonkhana kuseri kwa nyumba usiku. M'dera limene anthu amatseka makatani akaona galimoto ya polisi, zimenezi si zachibwana. Polisi imene anthu sailankhula ndi yakhungu. Kafukufuku yemweyo sanabise kuti wapolisi wokwera amadya ndalama zambiri kuposa woyenda pansi, ndipo anachitika pa nthawi imene chiwerengero cha mapolisi okhala ndi akavalo ku Britain chinali chitatsika kuchoka pa 17 kufika pa 12 m'zaka zochepa chabe.

Ku America nkhani ndi yomweyo. Boston inatseka nthambi yake mu 2009, nthambi imene inayamba mu 1873. San Diego inagulitsa akavalo ake mu 2010, Portland inatseka mu 2017. Koma taonani Philadelphia: inatseka mu 2004, n'kudzatsegulanso mu 2011, ikupempha thandizo kwa anthu akufuna kwabwino kuti iyambirenso. Polisi ya West Midlands ku England inachotsa akavalo mu 1999, kwa zaka zambiri inkabwereka kwa anzawo molipira pakakhala mpira waukulu kapena zionetsero, ndipo mu 2025 inawabwezeretsa. Amene anatseka anayamikiridwa kuti apulumutsa ndalama. Amene anatsegulanso, patapita zaka 26, anayenera kuyamba pachiyambi penipeni, kufunafuna akavalo, makola ndi okwera. Mtengo umenewo sulembedwa pa dzina la amene anatseka uja.

Kubwerekaku nakonso kuli ndi malire. Kumayenda bwino pamene vuto lili pamalo amodzi. Mu Ogasiti 2011, ndiponso m'chilimwe cha 2024 pambuyo pa kuphedwa kwa ana atatu ku Southport, zipolowe zinabuka m'matauni ambiri a ku England nthawi imodzi. Tsiku lotero aliyense amagwiritsitsa zake. Ngati polisi iliyonse yachepetsa podalira kuti idzabwereka kwa mnansi, ndiye kuti onse akudalira nkhokwe imene aliyense watapamo kale.

Pano ndiyenera kunena zimene okonda ziwetozi sakonda kumva. Kwa anthu ambiri padziko lapansi, galu wa polisi ndi kavalo wa polisi si abwenzi. Mu Meyi 1963 ku Birmingham ya ku Alabama, ku America, mkulu woyang'anira polisi Bull Connor analamula kuti agalu akhwirizidwe kwa anthu akuda amene ankayenda mwamtendere kufuna ufulu wawo, ena mwa iwo ana asukulu. Pa 7 Malichi 1965 amuna okwera pa akavalo anathamangitsa ndi kumenya ochita zionetsero pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma, ku Alabama komweko. Pa 18 Juni 1984 ku Orgreave ku England, apolisi okwera anathamangira m'khamu la ogwira ntchito m'migodi ya malasha amene ankanyanyala. Anthu 95 anaimbidwa milandu imene inadzagwa m'khoti, ndipo boma la Britain linadzavomera kufufuza nkhaniyi mu 2025, patatha zaka 41. Ku South Africa, mu 2000, dziko linaonera pa wailesi yakanema filimu ya apolisi achizungu akukhwirizira agalu amuna atatu a ku Mozambique ngati njira yophunzitsira agaluwo. Ndikaganiza za amuna atatuwo mtima umandiwawa, ndipo munthu amene zithunzi zimenezi zili m'mutu mwake akamva kuti nthambi ya agalu ikuchepetsedwa n'kunena kuti zikomo, sindingamudzudzule.

Ngakhale lero mavuto alipo. Kafukufuku wa atolankhani ku America, wotsogoleredwa ndi The Marshall Project mu 2020, anaonetsa kuti anthu masauzande angapo chaka chilichonse amathamangira nawo kuchipatala atalumidwa ndi agalu apolisi, ambiri pa milandu ing'onoing'ono, ena osalakwa n'komwe. Ku New South Wales, Australia, ofesi yoona madandaulo a anthu inapeza mu 2006 kuti pa anthu amene anasechedwa galu atawaloza pagulu, mankhwala ozunguza bongo anapezeka mwa pafupifupi mmodzi yekha pa anayi alionse. Enawo anachititsidwa manyazi pachabe. Ndipo akatswiri a yunivesite ya California ku Davis anaonetsa mu 2011 kuti galu amatha kuloza pamalo popanda kanthu ngati womugwira akukhulupirira kuti pali kanthu. Galu amawerenga mbuye wake monga momwe mbuye amawerengera galu.

Zonsezi ndi zifukwa zomveka zosinthira kagwiritsidwe ntchito ka ziwetozi. Ine ndingakondwe kuona malamulo okhwima pa nkhani yomasula galu kuti alume: zichitike pokhapokha moyo uli pangozi, kuluma kulikonse kulembedwe ndi kuunikidwa ndi anthu a kunja kwa polisi. Ndingakondwe kuona mchitidwe woima ndi galu pa siteshoni ya sitima n'kumanunkhiza aliyense wodutsa utathetsedwa. Kuthamangitsa akavalo m'khamu la anthu kukhale chinthu chimene mkulu wolamula adzayankhapo ndi dzina lake. Koma kudula bajeti sikuchita chilichonse mwa zimenezi. Mpeni wa bajeti susankha pakati pa galu woluma ndi galu wopeza gogo m'thengo, ndipo nthawi zambiri ndi galu mmodzi yemweyo, pakuti galu wa ntchito zonse, wa mtundu wa German Shepherd kapena Malinois, amaphunzitsidwa kutsata, kufufuza ndi kugwira. Chimene chimayamba kufinyika ndalama zikachepa ndi masiku a maphunziro, chifukwa agalu ochepa otsalawo sangachoke pa ntchito. Galu wosaphunzitsidwa mokwanira ndi amene amakana kusiya akauzidwa kuti siya. Amene akuopa mano a galu ayenera kuopa kwambiri nthambi yosauka kuposa nthambi yosamalidwa.

N'chimodzimodzi ndi akavalo. Khamu la anthu okwiya silitha chifukwa makola atsekedwa. Ntchito imene akavalo asanu ndi mmodzi akanagwira poima chabe idzagwiridwa ndi mizere ya apolisi a zishango ndi zibonga, maso ndi maso ndi anthu, pamene mkwiyo umayaka msanga. Apolisi amenewo achotsedwa kwinakwake, ndipo ambiri alipidwa ndalama za maola owonjezera. Ndalama imene inapulumuka pa udzu wa akavalo imatuluka pa khomo lina, mu mzere wina wa buku, mmene palibe amene adzailumikize ndi khola lotsekedwa lija.

Chifukwa china chimene mpeni umagwera kumeneku ndi cha ndale. Gawo lalikulu kwambiri la bajeti ya polisi limapita ku malipiro. Pakati pa 2010 ndi 2018 England ndi Wales anataya apolisi pafupifupi 20,000, ndipo mu 2019 boma linalonjeza kulemba 20,000 atsopano. Pofuna kuti lonjezolo lisaphwanyike, linamangirira gawo la ndalama ku chiwerengero cha apolisi, moti polisi yotsitsa chiwerengerocho inkataya ndalama. Zikatero mkulu wa polisi amene thumba lake laperewera amayang'ana zimene siziwerengedwa pa lonjezo la andale: nyumba, antchito wamba, magalimoto, ziweto. Nduna ikhoza kuima m'nyumba ya malamulo n'kutchula nambala ya apolisi monyadira, pamene apolisiwo alibe galu woti aitane. Nambala imene imatetezedwa ndi imene imamveka pa msonkhano wa ndale, osati imene imapeza munthu wosowa.

Njira zina zilipo, ndipo si zachilendo. Si polisi iliyonse imene iyenera kukhala ndi makola akeake. Mapolisi oyandikana akhoza kusonkherana nthambi imodzi yolimba, ndi pangano lolembedwa la zaka zambiri, osati kubwerekana mwa apo ndi apo. Mutu umodzi susenza denga, koma osenzawo ayenera kugwirizana denga lisanayambe kugwa. Ndalama zina zichokere ku boma lalikulu, pakuti zipolowe sizidziwa malire a polisi. Ndipo pali nkhani ya mpira. Makhoti a ku England, pa mlandu wa Leeds United mu 2013 komanso wa Ipswich Town mu 2017, anagamula kuti polisi ingalipiritse timu pa ntchito yochitika pamalo a timuyo basi, osati m'misewu yozungulira bwalo. Koma m'misewu yomweyo ndi mmene akavalo amagwira ntchito Loweruka lililonse, kulekanitsa ochemerera a mbali ziwiri. Matimu amene amagula wosewera mmodzi ndi mapaundi mamiliyoni makumimakumi akutetezedwa ndi akavalo olipiridwa ndi msonkho wa namwino ndi woyendetsa basi. Sir Mark Rowley, mkulu wa polisi ya London, wakhala akudandaula za zimenezi, ndipo apa ndikugwirizana naye kotheratu. Lamulo limeneli likasinthidwa, makola ambiri sangatsekedwe.

Pansi pa zonsezi pali kaganizidwe kamene kanaonekera bwino pa nkhani ya galu wina dzina lake Finn. Mu Okutobala 2016 ku Stevenage ku England, Finn ndi wapolisi Dave Wardell ankathamangitsa mnyamata woganiziridwa kuti waba moopseza. Finn atamugwira mwendo, mnyamatayo anatulutsa mpeni wautali n'kumubaya pachifuwa, kenako pamutu. Wardell anavulala dzanja. Galuyo sanasiye mpaka apolisi ena atafika. Madokotala anamuchita opaleshoni ya maola angapo, anachira, ndipo patapita masabata 11 anabwerera ku ntchito. Koma pa zimene zinachitikira Finn, mlandu umene unatheka kutsegulidwa unali wa kuwononga katundu, chimodzimodzi ndi kuswa windo. Anthu anakwiya, Wardell anamenya nkhondo zaka zingapo, ndipo mu 2019 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza nyama zogwira ntchito, limene anthu amalitcha lamulo la Finn.

Lamulo linasintha, koma m'mabuku a chuma galu akadali katundu. Akapuma ntchito, nyamakazi itamugwira chifukwa chodumpha mipanda zaka zisanu ndi ziwiri, mapolisi ambiri ku Britain samupatsa kanthu. Wapolisi amene wayenda naye amamutenga n'kumalipira yekha dokotala, ndipo makampani a inshuwalansi sakonda kulandira galu wotere. Polisi ya Nottinghamshire inayamba mu 2013 kuthandiza agalu ake opuma ndi ndalama zofika mapaundi 500 pachaka kwa zaka zitatu, koma m'madera ambiri amene amanyamula katunduyu ndi mabungwe achifundo monga Thin Blue Paw Foundation. Polisi imene imatseka nthambi iyenera kuwerengera pamodzi ndi chisamaliro cha ziweto zimene ikuzichotsa ntchito, mpaka tsiku lomaliza la moyo wawo. Ikawerengera moona mtima chotero, mwina idzapeza kuti chopulumutsidwacho n'chochepa kuposa mmene inalembera.

Ngati zitavutitsitsa moti kudula sikungapeweke, chimene ndikupempha kwa mkulu aliyense wa polisi ndi meya kapena komishonala womuyang'anira ndi ichi. Asatiuze maperesenti okha. Atiuze kuti lero, 2 koloko usiku, wapolisi akaitana galu kuchokera kumalire a dera lawo, galuyo amafika pakatha mphindi zingati, ndipo akadula adzafika pakatha mphindi zingati. Atiuze kuti ndi agalu angati amene amakhala pa ntchito usiku umodzi. Alembe nambala zimenezo pa pepala lomwelo limene akusainira, aziike poyera, ndipo chaka chamawa abwerenso nazo kuti tione ngati zinali zoona.